Lamba m'malo mwa handulo: kusintha chotsegulira chitseko m'galimoto yothamanga

Munthu akakwera koyamba Porsche Cayman R ya 2011, ikafika nthawi yotsika dzanja limapapasa pachitseko osapeza handulo. Pamalo pake pamalendewera kalamba kansalu kopindidwa pawiri. Ukalowetsamo zala ziwiri n'kukoka, loko amamasuka, chitseko n'kutseguka.

Nzeruyi ndi yakale. Carrera RS 2.7, imene Porsche anaionetsa ku Paris mu 1972, anaipanga zokwana 1,580, ndipo 200 mwa zimenezo anazipepukitsa dala: anachotsamo mipando yakumbuyo, wotchi ndi potsamiritsa mkono, pachitseko n'kusiyapo chingwe chokoka basi. Ferrari F40 ya 1987 nayo imatsegulidwa ndi chingwe chodutsa m'mphako ya chitseko. Pambuyo pake lambayu anadzaonekanso pa galimoto zina za Porsche: pa 964 Carrera RS, pa Boxster Spyder ya 2010 ndi pa Cayman GT4 ya 2015, mpaka anasanduka chizindikiro cha galimoto imene aichotsa zonse zosafunika.

Koma tiuzane zoona tisanagwire sipanala. Cayman R inapepuka ndi makilogalamu 55 poyerekeza ndi Cayman S, ndipo 15 mwa amenewo anachokera ku zitseko za aluminiyamu. Ena anachokera ku mipando ndi mawilo opepuka, komanso ku wailesi ndi makina oziziritsa m'kati amene anachotsedwa. Gawo la lamba pamenepo ndi lochepa zedi. Mukaika lamba galimoto yanu sithamanga kuposa dzulo. Ine ndinaika pa kagalimoto kanga kakale ka ku Japan ka mipando iwiri chifukwa handulo yapulasitiki inali itang'aluka ndi dzuwa, komanso chifukwa ndimakonda mmene nsalu imamvekera m'zala. Zifukwa zimenezi n'zokwanira. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: kalamba kameneka ndi kamene kadzakutulutseni m'galimoto tsiku limene zinthu zavuta, utsi uli tolotolo kapena madzi akulowa. Ntchito yonse ili m'munsimu ndi yoti chitseko chizitseguka nthawi iliyonse mwakoka, ngakhale mwakoka mwamantha ndi mphamvu zanu zonse.

Malamba ndi awiri, ntchito zake n'zosiyana

Pachitseko pali zogwira ziwiri. China ndi chotsegulira, chimene chimamasula loko. China ndi chokokera potseka, chimene kawirikawiri chimakhala pamodzi ndi potsamiritsa mkono. Ambiri akaona zithunzi amaganiza kuti lamba mmodzi angagwire ntchito zonse ziwiri. Sizitheka. Ulendo wanga woyamba ndinachotsa zonse n'kusiya lamba mmodzi wotsegulira. Mlamu wanga atakwera anagwira lambayo n'kukoka kuti atseke. Chitseko chinagunda n'kubwerera, chifukwa pokoka lamba anali atatsegula loko kukamwa. Anakokanso kachiwiri mwamphamvu, ndipo ndinamva kanthu kakuthyoka m'kati mwa chitseko. Kanali kakilipi kapulasitiki kogwira ndodo ya loko. Tsiku lonselo iye ankatsika pochita kutulutsa dzanja pawindo n'kutsegula ndi handulo yakunja.

Ndiye sankhani. Mukhoza kusintha chotsegulira chokha n'kusiya chokokera chakale, monga amachitira Porsche pa galimoto zawo za masiku ano. Kapena muike malamba awiri osiyana mtundu ndiponso otalikirana. Wotsegulira akhale wofiira kapena wachikasu, wooneka ngakhale kuli mdima. Wotsekera akhale wakuda.

Ngati galimoto yanu ndi Boxster kapena Cayman ya pakati pa 2005 ndi 2012, musavutike n'kudula chilichonse. Zipangizo zopangidwa kale zimagulitsidwa. Perekani nambala ya chassis pogula, ndipo mutsate za batire ndi za kuyesa loko zimene ndafotokoza apa. Zotsalazo ndalembera amene ali ndi galimoto monga Mazda MX-5 yoyambirira, ija inatuluka mu 1989 imene ku Japan inkatchedwa Eunos Roadster, ndi zina za msinkhu umenewo zimene zitseko zake si zovuta.

Zoti mukonzeretu

Pezani lamba wa polyester wa mamilimita 25 m'lifupi, wotalika mita imodzi ndi theka kuti akwanire zitseko zonse ziwiri. Polyester amapirira dzuwa. Lamba wa polypropylene, uja wa pa zikwama zotchipa, amafumbutuka akakhalitsa padzuwa, ndipo wathonje amamwa thukuta n'kuola. Lamba wa pampando wa galimoto ndi wolimba kwambiri, koma m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 47, choncho amayenera potsekera, osati potsegulira.

Mufunikanso mabawuti a M5 ndi manati a nyloc, aja okhala ndi kapulasitiki m'kati kuti asamasuke ndi kugwedezeka, mawashala aakulu, sikuludiraiva ya nyenyezi kapena ya Torx malinga ndi galimoto, pulayazi, kasowo kodulira zitsulo, tupa, dirilo, msomali ndi kandulo, girizi pang'ono, ndi zapulasitiki zotukulira padi, chophimba cham'kati cha chitseko. Makilipi a padi mugule ena apadera, chifukwa pa galimoto yakale ena athyoka ndithu ngakhale musamale bwanji.

Chinthu chimene ndimaumirira ndi handulo ina yapadera yogula kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zophwasulidwa. Mudule imeneyo. Yoyambirira muisunge yathunthu m'kabati, kuti zikakanika kapena mukadzafuna kugulitsa galimoto mudzangobwezeretsa.

1. Galasi pansi, batire lochotsa

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsitsani magalasi onse mpaka pansi, ndipo muyambe chitseko chimodzi chokha. Chinacho chikhale chosakhudza kuti muzikaonerapo mukasokonezeka.

Ngati m'chitseko muli airbag, thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi, chotsani waya wa negativu pa batire ndipo mudikire mphindi 10 musanakhudze chilichonse. Pa Boxster ndi Cayman zija airbag yoteteza mutu ili m'mwamba mwa chitseko momwemo. Musayatse galimoto pulagi ya airbag ili yozula, chifukwa nyale yake idzayaka padashibodi ndipo siizima mpaka aikepo kompyuta. Pa galimoto zomwezi batire lili kutsogolo ndipo chivundikiro chake chimatseguka ndi magetsi. Ikani chiguduli pa loko wake kuti chisatsekeke batire lili lochotsa, apo ayi mudzakhala ndi ntchito ina imene simunaikonzekere.

2. Kuchotsa padi ya chitseko

Masikuluwu amabisala. Yang'anani m'kambale ka handulo, pansi pa potsamiritsa mkono, kuseri kwa timapulasitiki tophimba, ndi m'mphepete mwa padi. Ngati galasi n'lopukusa ndi dzanja, chopukusiracho chimagwidwa ndi kawaya kopindika ngati chiboda cha hatchi. Lowetsani kansalu kuseri kwake n'kukakoka uku ndi uku, kawayako kadzatuluka. Tchingani ndi dzanja, kamadumpha kutali.

Masikuluwu onse akachoka, lowetsani chotukulira pakona yam'munsi ndipo mufufuze pamene pali kilipi. Tukulani pafupi ndi kilipiyo, osati pakati pa makilipi awiri, chifukwa mapadi akale ndi a bolodi lofewa limene limang'ambika likanyowapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makilipi akamasuka kwezani padi m'mwamba kuti ichoke pamlomo wa windo, koma musaikokere kutali. Kuseri kuli mawaya a maswichi ndi a sipika, ndipo pa galimoto zambiri kebulo ya handulo imakhala yolumikizidwa ku padi yomweyo. Jambulani ndi foni musanazule kanthu.

Mupeza pepala lapulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda. Limatchinga madzi a mvula amene amatsikira m'kati mwa chitseko. Limatuleni pang'onopang'ono mbali imene mukugwirako ntchito, osaling'amba, osalitaya.

3. Onetsetsani mmene handulo ikugwirira ntchito

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mphindi zimene mutaye pano zikupulumutsani masiku. Kuchokera ku handulo kupita ku loko mupeza ndodo yachitsulo yopyapyala kapena kebulo yonga ya buleki ya njinga, waya woyenda m'kati mwa chikopa chake. Kokani handulo pang'onopang'ono maso ali pamenepo. Muona zinthu zinayi zimene handulo imachita zimene nsalu payokha singathe.

Choyamba, imatembenuza mphamvu. Inu mumakokera kwa inu, koma ndodo kapena waya amayenda motsata utali wa chitseko. Chachiwiri, imachulukitsa mphamvu ya zala zanu, chifukwa mbali yogwira ndi yaitali kuposa mbali yokoka waya. Chachitatu, ili ndi sipuling'i yoibweza m'malo mwake. Chachinayi, ili ndi polekezera: ikafika pamenepo siipitiriranso ngakhale mukoke bwanji, ndiye mphamvu yotsala imathera pa handulo, osati pa loko kapena pa kilipi.

Lembani ndi cholembera pa ndodo kapena pa waya pamene wayambira ndi pamene wafika handulo ikakokedwa mpaka kumapeto, ndipo muyeze mtundawo. Mukamaliza ntchito, lamba wanu ayenera kuyendetsa waya mtunda womwewo, osapungula, osawonjezera. Onaninso ngati pa handulo pali kaswichi. Pa galimoto zina zimene galasi lake lilibe felemu, galasi limatsika pang'ono potsegula, ndipo kaswichi kotere mukakasiya padera galasi lidzakoka mphira kapena denga.

N'chifukwa chake njira imene ndimalimbikitsa ndi yosunga thupi lonse la handulo, ndiye kuti phata lake, msomali wozungulirapo, sipuling'i ndi pokhala kebulo, n'kungosintha mbali yogwira ndi zala. Njira ina ija yomangirira lamba ku ndodo mwachindunji, imene mumaiona pa galimoto za mpikisano za padi yathyathyathya, imafuna kuti mupange nokha kolowera lamba, sipuling'i yobwezera ndi polekezera. Ndinaiyesa, ndipo ndi imene inathyola kilipi ija. Ngati simunazolowere kupinda ndi kuwotcherera zitsulo, isiyeni.

4. Kudula handulo yapadera

Musathamangire kudula. Kulungani kansalu pa handulo pamalo osiyanasiyana n'kumakoka, kuyambira kunsonga kubwerera cha kumsomali. Mudzamva nokha kuti mukamayandikira kumsomali kukoka kukulimba. Pamene mwana wa sukulu kapena agogo angakoke ndi zala ziwiri osavutika, lembanipo. Kachitsa kafupi kamaoneka bwino, koma walira mvula walira matope: kakafupika kwambiri chitseko chidzafuna dzanja lonse. Ine ndimasiya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a utali wake.

Dulani ndi kasowo sentimita imodzi kupitirira pamene mwalemba, salazani m'mphepete ndi tupa mpaka pasakhale pakuthwa, ndipo muboole bowo la mamilimita 5 pachizindikiro. Mahandulo ambiri onyezimira ndi apulasitiki wokutidwa, ndipo pulasitiki wakale amang'aluka kuchokera pabowo. Mukaona kuti ndi wopyapyala kapena wayamba kale ming'alu, jambulani maonekedwe ake pakatoni n'kupita nako kwa owotcherera akudulireni wina pa chitsulo cha mamilimita 3. Kachitsako mukapake penti wakuda kuti kasaonekere kuseri kwa lamba.

5. Kusoka lamba

Yambani ndi chiguduli kuti mupeze utali. Khalani pampando, mangani lamba wa pampando, ndipo muone pamene dzanja likufika mosavuta. Chigwinjiri cha lambayo chilole zala zitatu, koma chisatalike mpaka kukola bondo, mkono wa jekete kapena chingwe cha chikwama. Lamba wolendewera kwambiri akhoza kukokedwa mwangozi galimoto ikuyenda. Kwa ine masentimita 30 opindidwa pawiri anakwanira.

Dulani lamba, ndipo nsonga zake muzipsereze pa kandulo kuti ulusi usamasomphoke. Phatikizani nsonga ziwirizo n'kupita nazo kwa osoka mipando ya galimoto kapena osoka nsapato, chifukwa makina a telala wa zovala amavutika ndi lamba wochindikala. Auzeni asoke bokosi lotalika masentimita 3 lokhala ndi mtanda m'kati, ndi ulusi wa polyester kapena wa nayiloni, osati wathonje.

Bowo la bawuti musaboole ndi dirilo kapena mpeni, chifukwa zimadula ulusi ndipo bowolo limakula tsiku ndi tsiku. Gwirani msomali ndi pulayazi, muutenthetse mpaka ufiire, n'kuulowetsa pakati pa bokosi losokedwalo. Umalowa mosavuta, kautsi kakutuluka, ndipo m'mphepete mwa bowo mumauma gwa ngati mkanda. Chitirani panja, utsiwo si wabwino kuupuma.

6. Kumanga

Dongosolo lake ndi ili: mutu wa bawuti, washala, lamba, kachitsa, washala wina, nati. Mangani mpaka lamba asamagwedere, koma osafinya mpaka pulasitiki kulira. Bawuti likatsalira kuseri, lidulenipo, chifukwa likhoza kugunda kambale n'kuletsa handulo kubwerera mpaka kumapeto. Pakani girizi pang'ono pamsomali wa handulo, bwezerani ndodo kapena kebulo m'malo mwake, ndipo muonetsetse kuti chikopa cha kebulo chakhala bwinobwino m'kampata kake. Chikapanda kukhala, mudzakoka lamba koma waya osayenda.

Ngati mukufuna kuphimba kambale ndi kachitsulo kokhala ndi mpata wotulukira lamba, yesani kaye ndi katoni. Kachitsa kamafuna malo oti kazungulire, ndipo chophimba chikakagunda kasanafike polekezera, loko sadzamasuka. M'mphepete mwa mpatawo musalaze kwambiri kapena muikemo mphira, popeza ndi pamene lamba azikhuzika tsiku lililonse.

Lamba wotsekera ndi wosavuta, koma ali ndi lamulo limodzi: amangidwe ku chitsulo cha chitseko, osati ku padi. Gwiritsani ntchito mabowo amene munali masikuluwu a potsamiritsa mkono, chifukwa pamenepo fakitale inalimbitsapo kale. Mukafuna kuboola penapake, yambani mwaona kumene galasi ndi makina ake amadutsa, pakani penti pabowo kuti dzimbiri lisayambe, ndipo kumene kuli airbag ndi mawaya ake musayandikireko n'komwe.

7. Kuyesa chitseko chili chotsegula

Musatseke chitseko kuti muone ngati zatheka. Zikakanika chitseko chili chotseka, ntchito yake ndi yowawa. M'malo mwake tengani sikuludiraiva, lowetsani thupi lake m'kamwa mwa loko m'mphepete mwa chitseko, n'kukankhira m'kati monga chimachitira chitsulo cha pamzati. Mumva kulira kawiri, tcha, tcha. Koyamba ndi kugwira kwa theka, kachiwiri ndi kutseka kwenikweni. Tsopano kokani lamba uku mukukokera sikuludiraiva kunja. Loko amasuke lamba asanafike kumapeto.

Bwerezani kakhumi. Kokani pang'onopang'ono, kokani mwadzidzidzi, kokerani m'mwamba, pansi, cham'mbali, monga angachitire mlendo amene sakuidziwa galimoto. Nthawi iliyonse mukasiya, kachitsa kabwerere kokha mpaka kumapeto.

Kenako onani chinthu chimene ambiri amachiphonya. Lamba asanayambe kukoka loko, payenera kukhala kampata kakang'ono kongoyenda chabe, mamilimita awiri kapena atatu. Waya akakhala wokungika nthawi zonse, loko amakhala womasuka theka. Pagalaja chitseko chimaoneka chotseka bwino, koma pa msewu wa mabampu chikhoza kutseguka chokha. Mukapeza kuti kampatako palibe, masulani muone chimene chikuletsa handulo kubwerera.

Yesaninso chitseko chili chokiya. Pa galimoto zina kukoka koyamba kumachotsa kiyi, kwachiwiri n'kumene kumatsegula. Mmene zinkachitikira kale ndi mmene ziyenera kuchitikira tsopano. Mukamaliza kumbukirani kusiya loko ali wotsegula kukamwa, chifukwa mukamenyetsa chitseko loko ali wotseka mumapinda zitsulo.

8. Kubwezeretsa

Lumikizani mapulagi onse, ya airbag poyamba, kenako batire. Kwezani ndi kutsitsa galasi kangapo padi isanabwerere, khutu lili pachitseko, kuti mumve ngati likukhula bawuti kapena lamba. Pa galimoto zina galasi limaiwala polekezera batire likachotsedwa, ndipo limakumbukira mukagwira swichi m'mwamba kwa masekondi angapo litatsekeka. Matani pepala lapulasitiki lija, sinthani makilipi othyoka, tulutsani lamba pampata wake, kolekani padi pamlomo wa windo, n'kumenya ndi chikhatho pa kilipi iliyonse. Tsekani chitseko koyamba galasi lili pansi, inu muli m'kati, kuti zikavuta mufikire handulo yakunja.

Amene muli ku Britain dziwani kuti pa MOT, kuyesa galimoto kwa chaka ndi chaka kumene lamulo limafuna, amayesa ngati zitseko zakutsogolo zikutseguka m'kati ndi kunja komwe, ndipo a inshuwalansi amafuna kuuzidwa za zosintha zimene mwachita pagalimoto.

Pakatha sabata chotsaninso kambale muone ngati nati sinabwerere m'mbuyo ndiponso ngati pulasitiki sanayambe mng'alu pabowo. Pambuyo pake muziyang'ana lambayo nthawi iliyonse mukusintha oyilo, makamaka pamene amakhuzika ndi pamene anasokedwa. Akayamba kutuwa kapena kutulutsa ubweya, sokani wina. Ndipo aliyense wokwera koyamba mumuonetse galimoto isananyamuke: wofiirayu ndi wotsegulira, wakudayu ndi wotsekera, ndipo akoke wofiirayo kamodzi inu mukuona.